Musanagule nsomba za m'nyanja yamchere, yambani mwagula batire

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi achinyamata a kuno ku Chipata amene akufuna kuweta nsomba za m'nyanja yamchere m'nyumba zawo. Ine ndine wodula magalasi. Ndili ndi kashopu ku Kapata, ndipo kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikuika magalasi m'mawindo, m'makabati ndi m'mashelefu a m'magolosale. Mwezi wathawu wokha anyamata atatu, aliyense payekha, afika pashopu foni ili m'manja kudzandionetsa kanema wa thanki yagalasi yowala buluu, muli tinsomba ta mtundu wa lalanje ta mizere yoyera tikusambira pakati pa makorali, zamoyo za m'nyanja zooneka ngati miyala ya nthambi. Onse funso n'lomwelo: "Amdala, mungandipangire yotere? Ndi zingati?" Kupanga ndingapange. Koma onse atatu ndawabweza kaye, ndipo mmodzi anachoka atakwiya, poganiza kuti ndamuderera kuti alibe ndalama. Pashopu panali anthu ena akudikira, choncho sindinathe kumufotokozera bwino. Ndikufuna ndifotokoze pano.

Thanki yotereyi inenso ndili nayo. Nyanja yamchere ndinaiona koyamba ku Dar es Salaam ndili mnyamata, nditaperekeza amalume amene ankayendetsa lole. Madzi atabwerera m'mbuyo, m'timaenje ta m'miyala munatsala tinsomba ta mitundu imene sindinkadziwa kuti ilipo padziko. Zaka zinapita zambiri koma tinsombato sitinandichoke m'mutu. Mu 2022 ndinadula galasi la mamilimita 10, n'kumata thanki ya masentimita 120 m'litali, 50 m'lifupi ndi 50 kupita m'mwamba. Imalowa malita 300.

Za galasi ndinene mwachidule, popeza ndiyo ntchito yanga. La m'mawindo lija la mamilimita 4 musaliyerekeze n'komwe. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye mukaphatikiza madzi, miyala ndi galasi lenilenilo, thanki ngati yangayi imaposa matumba 7 a chimanga a makilo 50. Tebulo la pabalaza silingasenze. Pamafunika choikapo chowotcherera, chachitsulo chokhuthala, chopakidwa penti kawiri katatu chifukwa mchere umadya chitsulo, ndiponso choima mowongoka ndithu, mutayeza ndi levulo. Silikoni ya m'bafa, ija amalemba kuti imaletsa nkhungu, ili ndi mankhwala amene amapha nsomba. Funani yolembedwa kuti ndi ya mathanki a nsomba. Zimenezi wodula magalasi aliyense wosamala angakuuzeni. Zimene zinandipweteka ine zili pena.

Thanki ya madzi amchere imapuma ndi magetsi. Nsomba zimadalira okosijeni wosungunuka m'madzi, ndipo okosijeniyo amalowera pamwamba, madzi akamavunduka. Madzi amchere amasunga okosijeni wochepa poyerekeza ndi a mumtsinje. Pa magawo asanu, gawo limodzi limakhala lasowa kale. Akatentha amasunga wochepa kuposa pamenepo. Ndiye ife tili pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja, kumene mpweya ndi wopepukirapo, kotero madzi omwewo kuno ku Chipata amatenga okosijeni wochepa kusiyana ndi ku Dar es Salaam. Komanso m'thankimo opuma si nsomba zokha. Mabakiteriya a m'miyala ndi mumchenga nawo akupuma usana ndi usiku. Pampu ikaima, onsewa amayamba kulimbirana kampweya kotsalako, ndipo nyengo yotentha sikatenga maola ambiri kasanathe.

Mu 2024 chilala chinagwa, madzi ku Kariba anatsika, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira. Pofika Sepitembala, kwathu magetsi ankabwera pakati pa usiku, maola atatu kapena anayi, tsiku lina osabwera n'komwe. Ndinali ndi batire lakale la galimoto ndi kainveta kakang'ono, ndipo mumtima ndinkati zikwanira. Kenaka kunagwa maliro a alamu anga ku Chadiza. Tinanyamuka ndi mayi akunyumba, panyumba n'kusiya mdzukulu wathu wa giredi 8 ndi azakhali ake. Usiku wachiwiri batire linatheratu. Batire la galimoto analipanga kuti lilize injini kamphindi chabe, osati kukoka katundu usiku wonse. Ukalikhuthula kangapo limafa, ndipo langalo linali litafooka kale ine osazindikira.

M'mamawa foni inalira ndili pamaliro. "Agogo, malaiti sanabwere, pampu yasiya. Nsomba zonse zili pamwamba, zikungotsegula kukamwa." Ndinamuuza kuti atenge jagi, azitunga madzi m'thankimo n'kumawathiranso mkono uli m'mwamba kuti azichita thovu, asaleke. Anachita zimenezo mosinthana ndi azakhali ake kuyambira m'mawa mpaka ine kufika cha m'ma 15 koloko. Pa nsomba zisanu inatsala imodzi, clownfish yaikazi, ya mtundu uja wa lalanje wa mizere yoyera. Kankhanu kofiira kamene kankatsuka nsomba zinzake, kaja amati cleaner shrimp, kanali kagona chagada pamchenga. Nsombazo ndinali nditaziweta zaka ziwiri, zinkabwera kudzadya pa zala zanga. Mwana uja mapewa anamuwawa masiku atatu, ndipo analira poganiza kuti ndiye walephera. Sanalephere ayi. Popanda jagi yake ngakhale imodziyo sikanatsala. Wolakwa ndinali ine, amene ndinagula zipangizo mosemphanitsa.

Pafupifupi theka la ndalama zonse zimene ndinaika pa thankiyo linapita ku nyale ya LED, yowala buluu ngati ya m'makanema aja. Chonsecho nsomba sizifuna nyale yodula. Nyale yotero ndi ya makorali, amene m'thupi mwawo muli tindere tosaoneka ndi maso timene timapanga chakudya ndi kuwala, ndipo makorali ndi ntchito ya munthu amene wathana kale ndi zina zonse. Maliro atatha ndinaigulitsa nyaleyo kwa munthu wa ku Lusaka, n'kuwonjezera pang'ono, ndinagula mapanelo awiri a sola ndi batire la lithium. Pathanki pano pali kanyale wamba, ndipo nsomba zikuoneka bwinobwino.

Masamu ake si ovuta, aliyense awerengere yekha asanatulutse ngwee. Batire la mavoti 12 lolembedwa 100 Ah limasunga mphamvu yokwana kuyendetsa chinthu cha wati imodzi kwa maola 1,200. Likakhala la asidi, mugwiritse theka lokha ngati mukufuna likhalitse, ndiye mwatsala ndi 600. Kapampu kovundula madzi ka mawati 15 kangayende pamenepo kupitirira tsiku lathunthu. Koma hita ya mawati 200 imamaliza batire lomwelo m'maola atatu okha. N'chifukwa chake ine pa batire ndinalumikizapo mapampu okha, hita ayi. Ndipo mapampuwo ndi awiri ang'onoang'ono m'malo mwa imodzi yaikulu, kuti ina ikafa inzake izigwirabe ntchito, imodzi italoza m'mwamba kuti pamwamba pa madzi pazioneka timafunde nthawi zonse. M'dirowa ndimasungamo kapampu ka mpweya koyendera mabatire a tochi, ndipo aliyense m'nyumba mwathu, mpaka mdzukulu wamng'ono, amadziwa pamene kali ndi mmene amakayatsira.

Nsombazi zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 26, ndipo sizikondwa kutentha kukamasinthasintha. Kuno tili ndi adani awiri. Juni ndi Julayi usiku kumazizira, ndiye magetsi akapita ndimafunditsa thanki bulangeti, kusiya kampata kolowera mpweya. Kumbuyo ndi m'mbali ndinamata zoyera zopepuka zija zimene zimabwera m'makatoni a firiji. Madzi ochuluka sazizira msanga, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene ndimaletsera anthu kuyamba ndi kathanki ka malita 30, ngakhale kamaoneka kotsika mtengo: m'kathanki kakang'ono chilichonse chimasintha mofulumira. Mdani woopsa ndi Okotobala. M'nyumba ya malata madzi amafika madigiri 30 mosavuta. Ine ndimaika kafeni koomba pamwamba pa madzi, ndipo amazizirako ndi madigiri awiri. Koma feniyo imaumitsa madzi, malita atatu kapena anayi pa tsiku. Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Madzi akauma mchere supita nawo, umatsalira momwemo. Wowonjezera madzi amchere pamenepo akungokoleza mchere m'thanki mpaka nsomba zitafa. Muziwonjezera madzi opanda mchere, tsiku ndi tsiku, mpaka pa kamzere kamene mwalemba pagalasi.

Tsono madziwo akhale ati? A pampopi ali ndi klorini. A pachitsime kapena pamjigo amakoma kumwa, koma amabwera ndi zambiri zosungunuka kuchokera m'nthaka, ndipo ngati pafupi pali madimba othiridwa fetereza, thanki yonse imadzaza ndere zobiriwira ngati chithaphwi. Kopa, ngakhale wochepetsetsa, amapha nkhono ndi tinkhanu ta m'nyanja. Pamafunika makina osefera amene amati RO, pamodzi ndi kachipangizo ka TDS koyezera kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi, kamene kayenera kuonetsa nambala yoyandikira 0. Makinawa pa lita imodzi yabwino amataya malita atatu kapena anayi. Kwathu otayikawo amapita ku mpiru ndi tomato wa mayi akunyumba, ndiye palibe mkangano. Amafunanso madzi othamanga mwamphamvu; m'chilimwe mpopi ukamangodontha, popanda kapampu kokankhira simupeza kanthu. Ndimasunga madzi oseferatu mumgolo wapulasitiki umene sunalowepo mafuta kapena mankhwala.

Mmodzi mwa anyamata aja anandifunsa ngati angagwiritse mchere wamiyala wa ku Saturday Market. Funso lake n'lomveka, koma yankho n'lakuti ayi. Mu lita imodzi ya madzi a m'nyanja muli pafupifupi magalamu 35 a mchere. Wambiri ndi womwewu timathira m'ndiwo, koma mulinso magnesium, calcium, potassium ndi zina zimene zimagwira madzi kuti pH yake, nambala yoonetsa ngati madzi ali ndi asidi kapena ayi, ikhale cha pa 8.2. Mchere wa kukhitchini ulibe zimenezi pa mlingo wake. Wa mathanki umabwera m'zidebe, ndipo ine ndimauitanitsa ku Lusaka pabasi, mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Kudzaza koyamba thanki yanga kunadya makilo 10. Kuchokera apo, masabata awiri alionse ndimachotsa malita 30 n'kuthira atsopano, ndipo chidebe cha makilo 20 chimandifikitsa miyezi ngati 9. Ndalama imeneyi siitha ngati ya galasi. Ili ngati ya sukulu, temu ikatha ina yafika. Posakaniza, thirani mchere m'madzi, osati madzi pamchere, ndipo musiye usiku wonse kapampu kakuvundula. Poyeza kuchuluka kwa mchere gulani kachipangizo kotchedwa refractometer, muzifuna kaonetse 1.025. Kachipangizo kena koyezera mchere, kapulasitiki ka muvi wosewera, kamanama: kathovu kamodzi kakamatirira pamuvipo, nambala yasintha.

Miyala ndinaumba ndekha, ndipo ndimanyadira. Miyala ya m'thanki ya mchere ndi nyumba ya mabakiteriya amene amayeretsa madzi, choncho iyenera kukhala ya timabowo tambirimbiri ngati chisa cha chiswe. Ya m'mapiri athuwa ndi yolimba, ilibe timabowo. Ndinatenga simenti pang'ono, zigoba zosinja zija amagulitsa kwa oweta nkhuku zoikira, ndi mchere wamiyala, ndipo apa m'pamene wa ku Saturday Market uja umagwira ntchito. Ndinaumba mumchenga wonyowa, itauma ndinaiviika mumgolo. Mchere unasungunuka n'kusiya mabowo. Simenti yatsopano imakweza pH kwambiri, ndiye ndinakhala miyezi iwiri ndikusintha madzi mumgolomo mpaka inatsika.

Miyala ndi madzi zikalowa m'thanki, nsomba zisalowe. Ndowe za nsomba ndi zotsala za chakudya zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni. Mtundu umodzi wa bakiteriya umasandutsa amoniya kukhala nitrite, nayenso poizoni, ndipo mtundu wina umasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimapirira akakhala wochepa, ndipo ndi amene timachotsa posintha madzi. Mabakiteriyawa amafuna nthawi kuti achulukane. Ine ndinathira kabotolo ka mabakiteriya kogula, n'kuponyamo kapenta ziwiri kuti ziwole ziwadyetse. Masiku atatu alionse ndinkayeza ndi timabotolo toyezera. Amoniya anakwera n'kutsika, nitrite anakwera n'kutsika, ndipo onse awiri anafika pa 0 patatha masabata 6. Nthawi yonseyo pabalaza panali thanki ya miyala yokhayokha, itachita utoto wofiirira ngati dzimbiri, alendo akufunsa kuti nanga nsomba zili kuti. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wothira nsomba tsiku loyamba amakhala waziika m'madzi amene adzasanduka poizoni sabata isanathe. Ngakhale masabatawo atakwana, yambani ndi ziwiri, mudikire mwezi musanawonjezere.

Protein skimmer ndi yothandiza. Imapanga thovu limene limanyamula zonyansa n'kuzitaya m'kakapu, zakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo imalowetsanso mpweya. Ndalama zikalola gulani, koma pambuyo pa batire ndi RO. Thanki yachiwiri ya pansi, imene amati sump, ine ndinaisiya dala. Magetsi akapita madzi a pamwamba amatsikira m'munsimo, ndipo ngati simunasiye malo okwanira mudzapeza pabalaza pali dziwe lamchere.

Pa nsomba zenizenizo, clownfish zobadwira m'mathanki ndizo zoyenera woyamba. Zinazolowera galasi ndipo zimadya chakudya chouma. Zonse zimayamba zili zazimuna. Mukaika ziwiri zazing'ono, imene yakula kuposa inzake imasanduka yaikazi. Zimakhala zaka zoposa 10, kotero wogula adziwe kuti watenga chiweto chokhalitsa ngati galu. Sizifuna anemone, kanyama kooneka ngati duwa kamene zimabisalamo kunyanja, kuti zikhale bwino, ndipo anemone akakodwa m'pampu n'kufa amaononga madzi onse usiku umodzi. Blue tang, yabuluu ya mchira wachikasu ija, imakula mpaka masentimita 30 ndipo imafuna mtunda wosambira umene thanki ngati yangayi ilibe. Mandarin ndi yokongola kuposa zonse, koma imadya tizilombo tamoyo ta m'miyala, ndipo m'thanki yatsopano imangowonda mpaka kufa. Kumadera ena a Philippines ndi Indonesia asodzi ena amagwira nsomba za m'makorali pozikomola ndi poizoni wotchedwa cyanide. Zimafika kusitolo zikuoneka zamoyo, koma m'kati zitaonongeka kale. Choncho funsani kumene nsomba yachokera, ndipo wogulitsa aidyetse inu mukuona. Yokana kudya isiyeni.

Ulendo wochoka ku Lusaka ndi wa tsiku lathunthu pabasi. Zanga ndinazinyamula m'mapulasitiki odzaza okosijeni, m'kabokosi kosunga kuzizira, kali pamiyendo panga, osati m'buti ya pansi, chifukwa pa mlatho wa Luangwa kumatentha ngati m'ng'anjo. Pofika kunyumba musazikhuthulire m'thanki. Ziikeni m'kandowa ndi madzi ake omwewo, muzidonthezeramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono kwa ola limodzi. Ndipo nsomba yatsopano ikhale kaye m'kathanki kapadera mwezi wathunthu, chifukwa matenda a timadontho toyera akalowa m'thanki yaikulu amavuta kuwachotsa. Lamulo nalo lilipo: Fisheries Act ya 2011 imafuna chilolezo polowetsa nsomba zamoyo m'dziko muno, ndipo makorali olimba amatetezedwa ndi pangano la maiko loteteza zamoyo lotchedwa CITES. Wogulitsa woongoka sakwiya mukamufunsa mapepala.

Kwa amene masamu a batire, RO ndi mchere amulemera, ndili ndi mawu ena, ndipo sindikunena monyoza. Kungodutsa pa Mwami, tsiku lomwelo munthu amafika ku Nyanja ya Malawi, kumene kuli mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse padziko. N'chifukwa cha nsombazi UNESCO inaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Nsomba zotchedwa mbuna za m'miyala ya kumeneko zilipo zabuluu, zachikasu, za mizeremizere, ndipo yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu mpaka ana atatuluka akusambira. Azungu ku Ulaya amazilipira ndalama zambiri, ife tili nazo pakhomo. Kwathu komwe kuno, ku Mpulungu, Nyanja ya Tanganyika ili ndi zakezake. Zimenezi sizifuna mchere kapena RO; madzi a pampopi ochotsedwa klorini ndi miyala ya m'mapiri athu yotsukidwa bwino n'zokwanira. Pampu ndi batire zimafunikabe, mapepala a pamalire nawonso, koma munthu amaphunzirapo kuyeza madzi ndi kudikira popanda kutaya zambiri.

Pempho langa kwa ogulitsa nsombazi n'lakuti muzimufunsa wogula ngati thanki yake yakhwima ndiponso ngati ili ndi chopumira magetsi akapita, musanamumangire pulasitiki. Ndipo ife ochepa amene tikuweta kuno ku Chipata tidziwane. Mutu umodzi susenza denga. Chidebe cha mchere tingaitanitsire pamodzi, timabotolo toyezera tingabwerekane tisanathe mphamvu, ndipo wina akapita kumaliro pakhale mnzake wodziwa wokayang'ana pampu.

Clownfish yaikazi ija ilipobe. Mu 2025 ndinaipezera yaimuna yaing'ono, ndipo zimagona limodzi pakona ya kumanzere, kuseri kwa mwala waukulu. Mdzukulu uja ndiye amazidyetsa m'mawa asanapite kusukulu.

Kwa mwana wanga amene unachoka pashopu utakwiya, ngati ukuwerenga: bwera. Galasi la mamilimita 10 lilipo, ndakusungira. Uyambe wapeza panelo ndi batire, ndidzabwera kwanu kudzaona polumikiza ndi poimika thanki, kenaka tidule. Tsiku lothira madzi ndidzakupatsa mwala umodzi wa m'thanki yanga, wokhala kale ndi mabakiteriya, kuti masabata ako odikira achepeko.

Ine wanu,
Wodula magalasi wa ku Kapata,
Chipata